Opaleshoni Imayambira Pamsewu: Kuthandiza Munthu Wobayidwa Pachiwindi

Mwezi wa Juni ku Bulawayo kumazizira kwambiri, makamaka dzuwa likangolowa. Unali mwezi umenewu pamene ndinapita ku Nkulumane, dera lokhala anthu ambiri kumwera chakumadzulo kwa mzindawu, limene linatchedwa dzina la mwana wa mfumu Mzilikazi. Kunali maphunziro a alangizi a zaumoyo a m'madera, ndipo ntchito yanga inali yolemba lipoti ndi kujambula zithunzi. Pa nthawi ya tiyi, mayi ena achikulire atamva kuti ndine wa ku Malawi, anandikokera pambali n'kuyamba kundilankhula Chinyanja cha makolo awo. Bambo awo anabwera kalekale kudzagwira ntchito ya njanji ndipo anakhazikika ku Sizinda, kumene mabanja ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Zambia akukhalabe mpaka lero. Titatha kufunsana za kumudzi, mayiwo anandisimbira za mdzukulu wawo.

Mnyamatayo anabayidwa ndi mpeni madzulo ena pafupi ndi masitolo, pa mkangano wa foni. Mpeniwo unalowa kudzanja lamanja, mmunsi mwa nthiti, n'kutsala momwemo. Mnzake wina anauzula msangamsanga. Bala linali laling'ono ndipo magazi otuluka kunja anali ochepa, moti anthu anati, "Wapulumuka ameneyu." Mnyamatayo ankalankhula bwinobwino, anayenda yekha mpaka pakhonde la sitolo, ndipo atadandaula ludzu anamupatsa madzi makapu awiri. Anamugoneka pasimenti pozizira pamene achibale ankakambirana ngati ayambire kupolisi kapena kuchipatala. Anayambira kupolisi. Kenako anapita kukiliniki yaing'ono, kumene namwino atangomuona nkhope anaitanitsa ambulansi nthawi yomweyo. Pofika kuchipatala chachikulu n'kuti patadutsa pafupifupi maola atatu. Madokotala anapeza m'mimba mutadzaza magazi ochokera kuchiwindi, ndipo mnyamatayo anamwalira opaleshoni ili mkati.

"Mwana wanga," anatero mayiwo, "tonse amene tinali pamenepo tinkamufunira zabwino. Wozula mpeni ankafuna kumuchotsera ululu, ndipo madzi aja ndinamupatsa ndine. Panalibe anatiuzapo kuti nzolakwika."

Mawu amenewa ndiwo andichititsa kuti mwezi uno tikambirane nkhani imene ambiri timaiona ngati ya madokotala okha. Mabala ena a pachiwindi ndi aakulu moti ngakhale akatswiri amalephera kuwagonjetsa. Koma ambiri amachizika ngati wovulala wafika kufiyeta msanga, thupi lake lili lofunda, ndiponso magazi omuthira alipo. Zinthu zitatu zimenezi zili m'manja mwa ife amene timakhala pafupi ngozi ikachitika.

Chiwindi ndi nkhokwe ya magazi

Chiwindi chili mmwamba mwa mimba kudzanja lamanja, kuseri kwa nthiti za mmunsi. Cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka. Aliyense amene anasendapo mbuzi akudziwa kuti chiwindi nchofewa ndipo chimatuluka magazi ambiri chikadulidwa. Cha munthu nchimodzimodzi. Pa magazi onse amene mtima umapopa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi limadutsa m'chiwindi, ndiye kuti lita imodzi ndi theka pa mphindi iliyonse. Komatu thupi lonse la munthu wamkulu lili ndi magazi okwana pafupifupi malita 5 okha, ndipo akataya malita awiri moyo wake umakhala pachiswe.

Magazi amalowa m'chiwindi kudzera m'mitsempha iwiri. Waukulu umabweretsa magazi ochokera kumatumbo, onyamula chakudya chimene thupi lagaya, pamene wocheperapo umabweretsa magazi ochokera kumtima. Potuluka amadzera m'mitsempha itatu ifupiifupi, imene imathira mumtsempha waukulu koposa mwa yonse yobweza magazi kumtima, umene madokotala amautcha vena cava. Mtsempha umenewu ndi wonenepa ngati chala chachikulu cha munthu wamkulu. Umadutsa kuseri kwa chiwindi moyandikana ndi msana, ndipo umanyamula magazi onse ochokera kumiyendo, ku impso ndi m'mimba. Khungu lake ndi lopyapyala. Ukabooka pamalo amene wabisika kuseri kwa chiwindi, anthu oposa theka la ovulala chotere amamwalira, ngakhale m'zipatala za m'mayiko olemera.

Bala laling'ono limanyenga

Bala la pamkono kapena pamwendo timaliona ndi maso, ndipo tikalipanikiza ndi nsalu magazi amaleka. Chiwindi sitingachifikire ndi dzanja. Khungu limatsekeka mpeni ukatuluka, koma mkati magazi amapitirira kutayikira m'mimba, momwe muli malo oti mungalowe malita angapo mimbayo isanayambe kuoneka yotupa. Nchifukwa chake kukula kwa bala la pakhungu sikutiuza chilichonse za zimene zawonongeka mkati.

Tidziwenso kuti chiwindi chimakwera ndi kutsika munthu akamapuma. Akatulutsa mpweya chimakwera mpaka pafupi ndi mzere wa mawere. Choncho bala lililonse loboola limene lili pakati pa mawere ndi chinena, kaya kutsogolo, m'mbali kapena kumsana, tilitenge ngati lalowa m'mimba kufikira dokotala atanena kuti silinalowe. Bala la pachifuwa mmunsi kudzanja lamanja likhoza kuboola papo ndi chiwindi nthawi imodzi.

M'tauni ngati ku Nkulumane, mabala otere amadza ndi mpeni, botolo losweka kapena mfuti. M'zaka za 2019 ndi 2020 dziko la Zimbabwe linavutikanso ndi magulu a zikwanje amene ankavulaza anthu m'migodi ing'onoing'ono ya golide. Kumudzi nako ngozi zilipo: nyanga ya ng'ombe pogwira ntchito yolima kapena pokoka ngolo, mwana wogwa mumtengo wa mango n'kugwera pachisonga, mkondo wa kosaka, chitsulo cha pulawo.

Zizindikiro zakuti munthu akutaya magazi mkati ndi izi. Zikhatho, lilime ndi mkati mwa zikope zimayera. Thupi limazizira koma thukuta likutuluka. Mtima umagunda mofulumira koma mofooka, ndipo kupuma kumakhala kwa befu. Wovulala amamva ludzu loopsa, amasowa mtendere, mwina n'kuyamba kubwebweta kapena kuodzera. Pamalo omwera mowa zizindikiro zomalizazi anthu amazisokoneza ndi kuledzera, ndipo amamusiya kuti agone kaye. Chinanso choopsa nchakuti thupi la wachinyamata wamphamvu limatha kupirira kwa kanthawi. Amayenda, amalankhula, ena mpaka kuseka kumene, kenako amangofooka mwadzidzidzi. Musadikire zizindikiro zonsezi. Malo amene bala lili ndi chifukwa chokwanira chothamangira kuchipatala.

Zoyenera kuchita pamalo a ngozi

Choyamba, onetsetsani kuti inu muli pabwino ndipo wobaya uja wachoka kapena wagwidwa. Valani magolovesi ngati alipo, apo ayi valani majumbo apulasitiki oyera m'manja. Tumani munthu mmodzi, pomutchula dzina, kuti aimbe foni ya ambulansi kapena akapeze galimoto. Mukangofuula kuti wina aitane galimoto, aliyense amaganiza kuti mnzake wapita kale.

Chachiwiri, ngati mpeni, chitsulo kapena mtengo watsala m'thupi, musauzule. Nthawi zambiri chinthu chimenecho chimakhala ngati chitsekerero pabotolo, chikutchinga mtsempha umene chaboola. Pochizula chimatsegula mtsemphawo ndiponso chimachekanso kachiwiri. Ikani nsalu zokulungiza mbali zonse ziwiri ndi kuzimanga kuti chisagwedere paulendo. Chidzazulidwa kufiyeta, dokotala akuona pamene nsonga yake yafika. Ngati palibe chotsala, phimbani bala ndi nsalu yoyera n'kupanikiza, koma dziwani kuti mwangoletsa magazi a pakhungu okha.

Chachitatu, ngati matumbo atuluka, musawabwezere mkati. Aphimbeni ndi nsalu yoyera yonyowetsa ndi madzi aukhondo, pamwamba pake n'kuikapo pulasitiki yoyera kuti asaume. Pabala musathirepo mchere, dothi, palafini, mowa kapena mankhwala azitsamba, ndipo musapisemo chala kapena kamtengo pofuna kuona kuya kwake.

Chachinayi, musamupatse chakumwa kapena chakudya, ngakhale akulira ndi ludzu. Ludzu limenelo ndi chizindikiro chakuti magazi achepa, ndipo madzi akumwa sangalithetse. Ngati matumbo abooka, madziwo amatayikira m'mimba pamodzi ndi zonyansa. Komanso pogonetsa munthu kuti achitidwe opaleshoni, zimene zili m'chifu zikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo. Ingomunyowetsani milomo ndi kansalu. Asipulini ndi mankhwala ena ofanana naye amalepheretsa magazi kuundana, choncho musamupatse.

Chachisanu, mufunditseni. Muyalireni bulangete, makatoni kapena matumba pansi, mumuvule zovala zonyowa ndi kumufunditsa thupi lonse. Chitani zimenezi ngakhale kukutentha, pakuti munthu wotaya magazi amazizidwa msanga. Mugonekeni chagada, maondo atapinda pang'ono. Ngati akubanika, muloleni akhale chotsamira, ndipo ngati akusanza kapena wakomoka mugonekeni cham'mbali. Asayende yekha. Munthu mmodzi akhale naye pafupi, kumulankhula modekha.

Chomaliza, yang'anani wotchi. Lembani nthawi imene wavulala, ngakhale pamkono panu, ndipo kumbukirani chida chimene chamubaya ndi kutalika kwake, nthawi imene anadya komaliza, ndi mankhwala amene amamwa masiku onse.

Tipite kuchipatala chiti?

Magazi otuluka m'chiwindi amaletsedwa kufiyeta. Dilipi imangothandiza pang'ono, ndipo masiku ano madokotala amapewa kuthira madzi a dilipi ochuluka bala lisanatsekedwe, chifukwa madziwo amasungunula magazi ndi kukankha timibulu ta magazi oundana timene tinayamba kutseka bala. Choncho wovulala apite molunjika kuchipatala chimene chili ndi fiyeta, wogonetsa odwala ndi magazi.

Kwa anthu a ku Nkulumane, Nketa, Tshabalala ndi Sizinda, chipatala chotere ndi Mpilo Central Hospital, chimene chinatsegulidwa mu 1958 ndipo dzina lake likuchokera ku mawu a Chindebele otanthauza moyo. Kulinso United Bulawayo Hospitals chakummawa kwa mzindawu. Khonsolo ya mzinda wa Bulawayo ili ndi nthambi ya ozimitsa moto ndi maambulansi, ndipo nambala yake iyenera kukhala m'foni ya mlangizi aliyense. Ku Malawi thamangirani kuchipatala chachikulu cha boma lanu, kapena ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba Central ndi Mzuzu Central ngati muli pafupi. Kummawa kwa Zambia kuli zipatala ngati Chipata Central ndi St Francis ku Katete. Kwa amene ali kutali kwambiri, chipatala chaching'ono cha m'dera chingathandize kuitanitsa ambulansi ndi kuyamba chithandizo, koma musalole kuti wovulala agone kumeneko podikira kuche.

Ambulansi ikachedwa, gwiritsani ntchito galimoto iliyonse imene wovulala angagonemo. Mumzinda wa Philadelphia ku America, apolisi amanyamula okha anthu obayidwa kapena owomberedwa pagalimoto zawo, chifukwa anaona kuti pa mabala otere mphindi zopulumutsidwa ndi zofunika kuposa zipangizo za mu ambulansi. Nkhani ya kupolisi nayo ndi yofunika, koma munthu wina apite kumeneko pamene wovulala akupita kuchipatala. Kalata ikhoza kutsatira pambuyo.

Nthawi imene munalemba ija ili ndi ntchito. Mu 2010 kafukufuku wamkulu wotchedwa CRASH-2, amene anakhudza ovulala oposa 20,000 m'mayiko 40, anasonyeza kuti jakisoni wotsika mtengo wa tranexamic acid amachepetsa imfa za anthu otaya magazi. Mankhwalawa amathandiza kuti magazi oundana asasungunuke. Amagwira bwino kwambiri akaperekedwa m'ola loyamba, ndipo pakadutsa maola atatu sathandizanso. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2011.

Zimene zimachitika kufiyeta

Achibale ambiri amangoona chitseko chatsekedwa, n'kukhala panja ndi nkhawa. Nkwabwino kudziwa zimene zikuchitika mkati. Dokotala amang'amba mimba pakati, kuyambira pachifuwa kutsika mmunsi, n'kuchotsa magazi amene atayikamo. Kenako amalonga nsalu zapadera zoyamwa magazi mbali zonse ndi kufinya chiwindi ndi manja ake awiri, kuti wogonetsa odwala apeze mpata wothira magazi. Mabala ambiri ang'onoang'ono amaleka ndi kufinya kokhako kapena ndi kusoka pang'ono.

Magazi akapitirira, dokotala amatsina mitsempha iwiri ija yolowetsa magazi, pamalo amene yayenda pamodzi mmunsi mwa chiwindi. Njira imeneyi inafotokozedwa mu 1908 ndi dokotala wa ku Glasgow, James Hogarth Pringle, ndipo mpaka lero imadziwika ndi dzina lake. Amatsina kwa mphindi pafupifupi 15 kapena 20, n'kumasula pang'ono kuti chiwindi chisafe. Magazi akaleka, ndiye kuti gwero lake lili mkati mwa chiwindi, ndipo dokotala amafufuza timitsempha toduka n'kutimanga. Ngati chipolopolo kapena mpeni wautali waboola chiwindi ngati ngalande, nthawi zina amalowetsamo kachubu ka labala n'kukafufumitsa ndi madzi kuti kapanikize bala kuchokera mkati.

Koma magazi akuda akapitirirabe kutuluka kuseri kwa chiwindi atatsina kale, dokotala amadziwa kuti yabooka ndi mitsempha yotulutsa magazi kapena vena cava yeniyeniyo. Apa mpamene pali ntchito yovuta koposa. Kuti aone bala ayenera kutembenuza chiwindi, koma pochitembenuza amachotsa chimene chinali kupanikiza mtsemphawo, ndipo magazi akhoza kutha m'mphindi zochepa. Mu 1968 madokotala a ku San Francisco anayesa njira yolowetsa chubu kuchokera mumtima kuti magazi alambalale pamalo obooka, koma odwala ambiri ochitidwa zimenezi ankamwalirabe. Phunziro limene madokotala anatolapo ndi lakuti magazi a m'mitsempha imeneyi sathamanga mwamphamvu, choncho kupanikiza bwino ndi nsalu kumatha kuwaletsa. Nsalu zikagwira, dokotala wanzeru sagwedezanso chiwindicho. Zikakanika mpamene amatseka mtsempha waukuluwo mmwamba ndi mmunsi mwa chiwindi kuti asoke bala.

Mukauzidwa kuti mimba sinatsekedwe

Kale madokotala ankayesetsa kukonza zonse pa opaleshoni imodzi, ngakhale itenge maola ambiri. Kawirikawiri mabala ankasokedwa bwino koma wodwala n'kumwalira. Chifukwa chake chinadziwika pambuyo. Munthu wotaya magazi ambiri thupi lake limazizira, magazi ake amasanduka a asidi chifukwa ziwalo zikusowa mpweya, ndipo amaleka kuundana. Mavuto atatuwa amakokana: kuzizira kumalepheretsa magazi kuundana, magazi akamatuluka thupi limazizira kwambiri. Bulangete lija tanena pamwambapa limalimbana ndi vuto lomweli, wovulala akadali pakhonde la sitolo kapena pangolo.

Mu 1983 dokotala Harlan Stone wa ku Atlanta anasonyeza kuti odwala ambiri amapulumuka opaleshoni ikadulidwa msanga, ndipo mu 1993 Michael Rotondo ndi anzake ku Philadelphia anatcha njirayi damage control. Mawuwa anawabwereka kwa asilikali a pamadzi. Sitima ikabooka pakati pa nyanja, amalinyero amangotseka chiboocho kuti isamire, ndipo kukonza kwenikweni kumachitika padoko. Asodzi a ku Nkhotakota kapena ku Kariba angamvetse bwino zimenezi.

Choncho dokotala amaletsa magazi, amatseka matumbo obooka, amasiya nsalu zija mkati mwadala, n'kuphimba mimba ndi pulasitiki yoyera osaisoka yonse. Njira imodzi yotsika mtengo yophimbira, yogwiritsa ntchito thumba la madzi a dilipi, inayambika mu 1984 ku Bogotá m'dziko la Colombia. Wodwala amapita kuchipinda cha odwala mwakayakaya kuti akafunditsidwe ndi kuthiridwa magazi. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri amabwerera kufiyeta kuti nsaluzo zichotsedwe ndi kumaliza ntchito.

Achibale osadziwa amatha kuganiza kuti madokotala aiwala nsalu m'mimba kapena alephera ntchito, ndipo ena amakana kusainira opaleshoni yachiwiri. Inu alangizi, afotokozereni kuti imeneyi ndi njira yovomerezeka padziko lonse. Dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu.

Afotokozereninso kuti si onse obayidwa amene amang'ambidwa. M'zaka za m'ma 1980, pachipatala cha Baragwanath ku Soweto, dokotala Demetrios Demetriades ndi anzake anasonyeza kuti ena obayidwa pachiwindi, amene magazi awo akuyenda bwino ndipo mimba siikuuma, amachira popanda opaleshoni. Koma chisankho chimenechi ndi cha dokotala, ndipo wodwala amagonekedwa m'chipatala, kupimidwa pafupipafupi, fiyeta ili chire. Kunyumba zimenezi sizingatheke.

Chosangalatsa nchakuti chiwindi chimaphukanso, ndipo wopulumuka amatha kubwerera kumunda kapena kuntchito. Akatuluka m'chipatala apewe mowa ndi ntchito zolemetsa kufikira dokotala atamulola. Abwerere msanga akamva kutentha thupi, maso akachita chikasu, mimba ikatupa, akasanza magazi kapena chimbudzi chikada ngati phula.

Magazi alibe fakitale

Munthu mmodzi wovulala kwambiri pachiwindi akhoza kufuna mapaketi a magazi 10 kapena kuposerapo usiku umodzi. Paketi iliyonse, yosakwana theka la lita, imachokera kwa munthu mmodzi. Magaziwo ayenera kupimidwa kaye ngati alibe HIV, matenda a chiwindi ndi chindoko, ndipo sasungika kupitirira masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Magazi amene amapulumutsa munthu lero ndi amene wina anapereka masiku apitawo. Achibale othamangira kukapereka ngozi itachitika amathandiza wodwala wa mawa.

Ku Zimbabwe ntchito yosonkhanitsa magazi ili m'manja mwa National Blood Service Zimbabwe, imene ili ndi nthambi ku Bulawayo, ndipo mu Julayi 2018 boma linachotsa malipiro a magazi m'zipatala zake. Ku Malawi kuli Malawi Blood Transfusion Service, imene inakhazikitsidwa mu 2003. M'mayiko onse awiri magazi ambiri amachokera kwa ana a sukulu, choncho sukulu zikatsekera, makamaka mu Disembala, magazi amachepa pa nthawi yomwe ngozi za pamsewu ndi ndewu za pamowa zimachuluka. Zimbabwe ndiyo inayambitsa gulu la Pledge 25, la achinyamata olonjeza kupereka magazi maulendo 25, ndipo mayiko ena kuphatikizapo Malawi anatengera nzeruyi pansi pa dzina la Club 25.

Akuluakulu tisasiyire ana udindo umenewu. Tikudziwa kuti nkhani za magazi zimadzetsa mantha. Mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje, Phalombe ndi madera ena mu 2017. Koma mantha amachepa mfumu, abusa, shehe kapena wapampando wa kalabu ya alimi akakhala woyamba kutambasula mkono pagulu. Munthu wathanzi akhoza kupereka magazi pakapita miyezi itatu kapena inayi iliyonse, ndipo thupi limabwezeretsa lokha. Pa 14 Juni chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira opereka magazi, ndipo limeneli ndi tsiku labwino loitanira osonkhanitsa magazi m'dera lanu.

Ntchito yathu m'madera

Wina angafunse ngati anthu wamba angasinthedi zinthu pa ngozi zazikulu chotere. Umboni ulipo. Kumpoto kwa Iraq ndi ku Cambodia, m'madera a mabomba okwirira pansi kumene chipatala chinali kutali maola ambiri, dokotala wa ku Norway, Hans Husum, ndi anzake anaphunzitsa azaumoyo a m'midzi pamodzi ndi anthu wamba oposa 5,000 njira zosavuta zothandizira ovulala, kuphatikizapo kuletsa magazi ndi kufunditsa. Lipoti lawo la mu 2003 linasonyeza kuti imfa pakati pa ovulala zinatsika kuchoka pa 40 mwa 100 alionse kufika pa 15. Ku Ghana nako madalaivala a galimoto zonyamula anthu anaphunzitsidwa chithandizo choyamba, popeza ndiwo amanyamula ovulala ambiri.

Ifenso tingayambe ndi zimene tili nazo. Komiti ya zaumoyo ya m'dera ilembe mayina ndi manambala a eni galimoto amene avomera kudzutsidwa usiku, ndipo pakhale kathumba ka ndalama za mafuta kuti pasamakhale kunenerera mtengo munthu akutaya magazi. Banki ya mmudzi kapena gulu lothandizana pamaliro likhoza kusunga kathumbako. Pasitolo, pachigayo, pamalo omwera mowa ndi padibi ya ng'ombe pakhale bulangete, nsalu zoyera ndi magolovesi m'jumbo lomanga bwino. Pemphani a Red Cross kapena a St John Ambulance adzaphunzitse madalaivala a makombi ndi minibasi, a kabaza, ogulitsa mowa ndi apolisi a m'dera. Alimi funsani alangizi a ziweto za kudula nyanga ana a ng'ombe akadali aang'ono, ndipo zisonga ndi zitsulo zisasiyidwe pansi pa mitengo imene ana amakwera. Apolisi a ku Bulawayo akhala akulengeza kangapo malamulo oletsa kuyenda ndi mipeni ndi zikwanje pagulu, koma amene amaona mnyamata akuika mpeni m'thumba popita kokamwa ndi makolo ake ndi anzake.

Mayi aja a ku Nkulumane anandiuza kuti imfa ya mdzukulu wawo ndiyo inawachititsa kulowa gulu la alangizi. Pa tsiku lomaliza la maphunziro anaimirira kutsogolo, anagoneka mnzawo pabulangete, n'kusonyeza mmene amamangira nsalu mbali ziwiri za mpeni wamtengo. Anafotokoza m'Chindebele, kenako anabwereza m'Chinyanja chifukwa cha ine. Potsanzikana anandigwira mkono n'kunena kuti, "Ukakalembe zimenezi, mwana wanga, kuti kwanu kuja akamve." Ndalemba, amayi. Inu awerengi, kawerengereni anzanu pa msonkhano wotsatira wa komiti kapena wa kalabu, ndipo musabalalike musanagwirizane kuti galimoto ya usiku ndi ya yani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.